Khansa ziwiri m'kapamba mmodzi

Steve Jobs, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Apple, anamupeza ndi chotupa m'kapamba mu 2003, koma anakhala ndi moyo mpaka 2011. Ambiri anadabwa, poti khansa ya kapamba sichedwa kupha. Nkhani inali pa mtundu wa chotupacho.

Kapamba, yemwe ndi wotalika masentimita pafupifupi 15 ndipo amagona chopingasa kuseri kwa chifu, ali ndi ntchito ziwiri. Amapanga madzi ogaya chakudya amene amayenda m'timipaipi mpaka m'matumbo, komanso ali ndi timagulu ta maselo topanga insulini ndi mahomoni ena. Odwala khansa ya kapamba pafupifupi 9 mwa 10 alionse imawayambira m'timipaipi muja, ndipo imeneyi, yotchedwa adenocarcinoma, ndiyo yolusa. Ya Jobs inayambira m'maselo a mahomoni. Mtundu umenewu amautcha neuroendocrine, ndipo kawirikawiri umakula pang'onopang'ono.

Mwa apo ndi apo, madokotala amapeza mitundu iwiriyi mwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Pena zimakhala zotupa ziwiri za mtundu umodzi, china kumutu kwa kapamba, china kumchira, pakati pake mnofu wooneka bwinobwino.

Apa ndiye mutu umaima. Kodi ndi khansa ziwiri zoyamba pazokha, kapena ndi imodzi imene yatumiza mwana wake chapatali? Mu 1932, Shields Warren ndi Olive Gates a ku America anaika muyezo umene ukugwirabe ntchito: chotupa chilichonse chitsimikizike kuti ndi khansa, chikhale chosiyana ndi chinzake, ndipo zitsimikizike kuti china sichinachokere mwa china. Zikapezeka mosapitirira miyezi isanu ndi umodzi, amati zabwera limodzi.

Kunena n'kosavuta. Zotupa zikakhala za mitundu yosiyana, maikulosikopu amaweruza msanga. Zikafanana maonekedwe, pamafunika kuunika majini, makamaka jini ya KRAS, yomwe imakhala yowonongeka m'khansa zambiri za m'timipaipi. Ikawonongeka mosiyana m'zotupa ziwirizo, ndiye kuti chilichonse chinayamba pachokha. Kuunika kotereku kwaonetsanso kuti zina zimene ankati ndi ziwiri zinali khansa imodzi yofalikira m'kati mwa kapamba momwemo.

Madokotala a ku Japan ndiwo alimbikira kwambiri nkhaniyi. Mu 1982 anafotokoza za timatumba todzaza mamina tomera m'timipaipi ta kapamba, tomwe lero amatitcha IPMN. Pambuyo pake anaona kuti mwa ena okhala ndi timatumbati, khansa imabuka patali ndi kathumbako, pamene diso silinali. Kapamba wotere ali ngati munda wa kaufiti: ukazula apa, mbewu yake ili kale m'nthaka yonse. M'mabanja ena vuto limakhala la kumtundu, monga la MEN1, limene limameretsa zotupa za neuroendocrine zingapo m'kapamba mmodzi.

Chotupa cha kumutu chimadziulula chokha. Chimatseka njira ya ndulu, maso n'kusanduka achikasu, mkodzo n'kuda, thupi lonse n'kumayabwa. Cha kumchira chimakhala phee, mwina kamsana kupweteka ndi kuwonda basi. Choopsa n'chakuti dokotala akaona chotupa choyamba pa chithunzi cha CT akhutire, osayang'ananso kwina. N'chifukwa chake zipatala zokhala ndi zipangizo zimawonjezera MRI, kapena kulowetsa kachipangizo kounikira kudzera pakamwa mpaka m'chifu, kuona kapamba yense chapafupi ndi kutapako kanyama ndi singano.

Yankho lake ndilo limalamula podula mpeni. Chotupa chikakhala kumutu kokha, amachita opaleshoni ya Whipple, yotchedwa dzina la Allen Whipple wa ku New York amene anaifotokoza mu 1935: amachotsa mutu wa kapamba, chiyambi cha matumbo aang'ono ndi ndulu. Zikakhala uku ndi uku, nthawi zambiri kapamba yense amachoka. Mtengo wake ndi wowawa. Wodwalayo amadzuka ali ndi matenda a shuga ovuta kuwongolera, amadzibaya insulini moyo wake wonse, ndipo pachakudya chilichonse amayenera kumwa makapisozi ogayira chakudyacho. Amene amusiyira chigawo nayenso samasuka: amabwerera kukajambulidwa kwa zaka zambiri, poti khansa yatsopano ingathe kumera m'chotsalacho.