Ndani amayesa zinthu za pafoni zisanafike ku Chiosya?

Aliyense amene anatumizapo ndalama pa *211# kapena *444# amadziwa kuti foni imafunsa mafunso motsatana: sankhani ichi, lembani nambala ya wolandira, lembani ndalama, lembani nambala yachinsinsi. Pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha funso loyamba, lotsatira, ndi mawu oti alembedwe. Ntchito yanga ili pakati pa munthu ameneyo ndi inu. Chinthu cha pafoni chisanatulutsidwe, ndimachitengera kwa anthu amene adzachigwiritse ntchito, ndimawapatsa m'manja, kenako ndimakhala chete n'kumaona pomwe akukodwa.

Boma la Mchinji, komwe kuli Chiosya, si lachilendo pa zoyesayesa. Mtukula Pakhomo anayambira kuno mu 2006 asanafalikire m'maboma ena. Chasintha n'chakuti masiku ano thandizo lambiri likudzera pafoni. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndipo chinafika dziko lonse. Kuyambira mu 2020, wogula feteleza wa AIP ankayenera kuonetsa chitupa cha unzika kuti chiwerengedwe ndi foni ya wogulitsa. Zinthu zoterezi zikapangidwa mosaganizira, amene amavutika ndi mlimi wa mtedza wa ku Chiosya amene wapalasa njinga kuyambira m'mamawa, pomwe wozipanga ali mu ofesi ku Lilongwe, osadziwa n'komwe.

Pokonzekera, sindiyamba ndi funso lakuti "kodi mwachikonda?" Amalawife ndife aulemu. Mlendo akabwera pagalimoto n'kukuonetsa chinthu chake, yankho limakhala "chili bwino kwambiri, zikomo," ngakhale sunamvepo kanthu. Choncho ndimakonza ntchito zenizeni, zitatu kapena zinayi basi. "Tiyerekeze kuti mwana wanu ali ku Lilongwe wakutumizirani K20,000. Taonani ngati yafika." Kapena, "Mukufuna kudziwa mtengo wa soya sabata ino. Tachitani monga mungachitire muli nokha." Ndimapempha munthuyo kuti aziyankhula zomwe akuganiza pamene akudina. Nthawi zina chinthucho chimakhala chisanapangidwe n'komwe, ndiye timajambula pamapepala zomwe zidzaoneke pafoni, munthu n'kumaloza ndi chala. Pepala n'losavuta kung'amba n'kujambulanso, ndipo ndalama sizinawonongeke.

Chinthu chikapangidwa, chiyesedwe pafoni ya mwini wake. Foni yanga ya Mose wa lero, yodzaza moto ndi bandulo, singandiuze kanthu za foni ya mabatani yofufutika manambala, yagalasi losweka, imene imatchajidwa pa sola ya mnansi.

Anthu amadabwa ndikawauza kuti sindifuna anthu mazana. Mu 1993 Jakob Nielsen ndi Thomas Landauer anawerengetsa za nkhaniyi, ndipo mu 2000 Nielsen analemba kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta za chinthu chimene chikuyesedwa. Akafika wachinayi ndi wachisanu, umayamba kuona akukodwa pamalo omwe aja. Nzeru yake ndi yoti uyese ndi ochepa, ukonze, uyesenso. Koma ambiri amaiwala mbali ina imene iye mwini ananena: ngati ogwiritsa ntchito ali m'magulu osiyana kwambiri, gulu lililonse lifunika anthu akeake. Apa ndi pamene ntchito yambiri imafera.

Sungalowe m'mudzi osadzera kwa amfumu, ndipo ine sindilumpha mwambo umenewu. Ndimayambira kuboma, ndimadzera kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo, kenako kwa agulupu ndi anyakwawa. Koma ukangoti "amfumu, tipezereni anthu asanu," adzakupatsa mlembi wa komiti ya chitukuko, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi anyamata a Fomu 4 odziwa WhatsApp. Amfumu sanalakwe. Akufuna mudzi wawo uoneke bwino pamaso pa alendo. Koma anthu amenewa adzadina mofulumira, lipoti lidzati zonse zili bwino, ndipo chinthucho chidzakakanika m'manja mwa agogo amene chinapangidwira.

N'chifukwa chake ndimapita ndi mafunso osankhira anthu. Foniyi ndi yanu kapena ya pabanja? Masana imakhala ndi ndani? Uthenga ukabwera, mumawerenga nokha kapena amakuwerengerani? Ulendo womaliza kutapa ndalama, munadina nokha kapena munapatsa ejenti? Mayankho amenewa amandiuza zambiri kuposa zaka za munthu kapena kalasi imene analekezera. Mayi amene foni imapita ndi bambo kumsika n'kubwera madzulo ndi wosiyana ndi mnyamata wa kabaza amene amagona nayo. Wochita geni yodutsa pa Mwami kupita ku Chipata amawerenga makwacha awiri m'mutu, ndipo akaona chilembo cha K chokha angafunse kuti ndi kwacha ya kuno kapena ya ku Zambia. Anthu otere sindiwapeza pamsonkhano wa mfumu. Ndimawapeza ku banki m'khonde, kuchigayo, pamjigo, ndi pamzere wa sikelo ku chipatala cha Chiosya, nditapempha chilolezo kwa oyang'anira.

Nthawi nayo ndi yofunika kuiganizira. Disembala mpaka Febuluwale anthu ali kupalira ndi kubandira, ndipo wopezeka pakhomo m'mawa si mlimi amene ukumufuna. Nyengo yokumba mtedza n'chimodzimodzi. Maliro akagwa, ntchito yaima. Ndimaitana anthu oonjezera, ndipo ndimawaika mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wamanyazi amangotsatira wolankhula kwambiri.

Mayi wina wa ku Chiosya, wazaka za m'ma 50, ankayesa njira yolembetsera mbewu imene bungwe lina linkakonza. Anadutsa mafunso atatu bwinobwino. Lachinayi linafuna nambala yake ya umembala. Anaika foni pamwendo, anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kakope kopindika, n'kuyamba kuvundukula masamba. Pomwe ankaipeza nambalayo, nthawi inali itatha ndipo zonse zinali zitafufutika. Anayambiranso, zinachitikanso. Anandibwezera foni ndi manja awiri. "Achimwene, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndalephera."

"Amayi, simunalephere," ndinatero. "Chalephera ndi chinthuchi, ndipo mwatithandiza kuona pomwe chalephera."

Dzanja limayabwa kufuna kumuthandiza munthu pa nthawi ngati imeneyo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanamudinira, vutolo likanabisika. Enanso tsiku lomwelo anakodwa pamalo omwewo. Opanga chinthucho anasamutsira funso la nambala koyambirira, ndi chenjezo loti munthu aikonzeretu asanayambe, ndipo anachotsa mafunso awiri osafunikira. Palibe aliyense mu ofesi amene akanaliona vutoli, chifukwa onse nambala yoyesera anali atailoweza pamtima.

Pali nkhani ina imene ndimaiopa kuposa zonse. Kumudzi, mlendo wolemba mayina amatanthauza thandizo. Ukapanda kufotokoza, munthu amavomera poganiza kuti akulembedwa pa mndandanda wa feteleza kapena chimanga, ndipo amayamikira chilichonse poopa kuchotsedwa. Ndimanena poyera, pamaso pa amfumu ndi kwa munthu aliyense payekha, kuti pano palibe chogawa, kukana sikuchotsa munthu pa thandizo lililonse, ndipo atha kusiya nthawi ina iliyonse. Kalata ya chilolezo ndimaiwerenga mokweza m'Chichewa, wosalemba amadinda chala pali mboni. Kandalama kothokoza nthawi yake ndimapereka kwa aliyense mofanana, wamaliza kapena sanamalize. Kafukufuku wokhudza zaumoyo amafunikanso chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC. Ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, limene MACRA imayang'anira. Dzina, nambala ya foni, mawu ojambulidwa ndi chithunzi cha munthu si zotola mwachisawawa.

Inu a ku Chiosya, Mkanda, Kamwendo ndi kwina konse, wina akadzabwera kudzakupemphani kuyesa chinthu cha pafoni, mufunseni kuti wachokera kuti, mayina anu apita nawo kuti, ndipo adzawasunga mpaka liti. Nambala yanu yachinsinsi musamupatse. Wofufuza weniweni saifuna. Ndipo pamene pakuvutani, nenani mosabisa kuti apa pakuvuta.