Ngongole ya Chisilamu: Dzina Lokha Silikwanira

Chipembedzo cha Chisilamu chimaletsa chiwongoladzanja. Asilamu amachitcha riba. Lamulo lawo, lotchedwa Shariya, limati munthu akakongoza mnzake ndalama, alandire zomwezo basi, osaonjezerapo.

Nanga mmphawi wofuna mpamba wa geni athandizidwa bwanji? M'maiko ena muli mabungwe okongoza anthu osauka motsata lamuloli. Ku Pakistan, mumzinda wa Lahore, kuli bungwe la Akhuwat lomwe linayamba mu 2001. Ilo limakongoza popanda chiwongoladzanja, ndipo kawirikawiri ngongolezo zimaperekedwa mu mzikiti.

Koma mabungwe ambiri amafuna phindu kuti ntchito iziyenda. Tsono amatsata njira ya malonda yotchedwa murabaha. Tiyeni tione chitsanzo. Mayi wina ku Bangladesh akufuna makina osokera. Ndalama za kumeneko ndi taka. Bungwe ligula makinawo pa mtengo wa taka 10,000. Kenaka limugulitsa mayiyo pa taka 12,000, kuti azilipira pang'onopang'ono. Mtengo wogulira ndi phindu lomwe, zonse zimanenedwa poyera. Apa palibe riba, chifukwa awa ndi malonda.

Vuto lili pati? Kugula katundu wa munthu aliyense ndi ntchito yaikulu. Midzi ili kutali, ndipo antchito ndi ochepa. Choncho antchito ena amachita chidule. Amangopereka ndalama m'manja, nalemba papepala kuti agula makina. Mayi uja walandira 10,000, adzabweza 12,000, koma makina palibe. Imeneyi ndi riba ndithu, yangosintha dzina.

N'chifukwa chake bungwe loona limakhala ndi mashehe odziwa Shariya amene amayendera ntchito yake. Kuwerenga mapepala kokha sikukwanira ayi. Ayenera kuonanso ngati katundu anagulidwadi.

Inunso mukafuna ngongole yotere, musachite manyazi kufunsa. Kodi katunduyo wagula ndani? Lisiti lili kuti? Ndikachedwa kulipira, ngongole ikwera? Mwa lamulo, mtengo umene munagwirizana sukwera. Ngati pali chindapusa cha kuchedwa, chimapita kothandiza osowa, osati m'thumba la bungwe.

Tsopano mumatha kuwerenga. Werengani pepala lonse musanasaine. Paja kufunsa ndi kudziwa njira.

Mafunso
1. Kodi riba n'chiyani?
2. Pa murabaha, ndani ayenera kuyamba kugula katundu?
3. Chindapusa cha kuchedwa chimapita kuti?