Chisankho Chapita, Tiyeni Tikoke Khoka Limodzi

Ife a ku Metangula, monga anthu onse a m'dziko la Mozambique, timasankha mtsogoleri wa dziko pakapita zaka zisanu zilizonse. Munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 18 amaponya voti imodzi. Voti ya msodzi ndi voti ya mphunzitsi nzofanana. Koma mpando ndi umodzi, pamene oufuna ndi ambiri. Nchifukwa chake chisankho chikatha ena amakondwa, ena mtima umaŵaŵa. M'phunziro lino tiona m'mene anthu ogaŵanika chotere angakhalirenso pamodzi.

Chisankho cha 2024

Tinaponya voti pa 9 Okutobala 2024. Pa 23 Disembala bwalo lalikulu loona za chisankho, lotchedwa Conselho Constitucional, linalengeza kuti a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo apeza mavoti 65 pa 100 alionse, ndipo a Venâncio Mondlane apeza 24. A Mondlane ndi owatsata anakana, nati mavoti abedwa. Nawonso alendo a European Union amene anadzaonerera chisankhocho anati kaŵerengedwe ka mavoti kanali ndi zolakwika.

Kuyambira mu Okutobala momwemo anthu anatuluka m'miseu ku Maputo ndi m'mizinda ina. Masitolo anatenthedwa, miseu inatsekedwa, apolisi anaomba mfuti. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anaŵerenga anthu oposa 300 amene anafa. Anthu zikwizikwi a ku Zambézia anathaŵira ku Nsanje, m'dziko la Malaŵi.

A Chapo analumbira pa 15 Januwale 2025. Pa 5 Malichi iwo ndi atsogoleri a zipani zina anasaina pangano loti dziko lonse likambirane za malamulo ndi kayendetsedwe ka chisankho. A Mondlane sanali nao pa panganolo. Koma pa 23 Malichi a Chapo ndi a Mondlane anakumana ku Maputo, nagwirizana kuti ziwawa zithe. Sanagwirizane pa zonse. Chachikulu nchakuti anakhala pansi nkulankhulana.

Si koyamba

Akuluakulu athu akukumbukira nthaŵi yovuta kuposa iyi. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inatha zaka 16. Anthu oposa miliyoni imodzi anathaŵira ku Malaŵi. Ambiri a m'mbali mwa nyanja muno anaolokera ku Likoma ndi kutsidya, ena anapita ku Tanzania. Minda inasanduka tchire.

Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Rome. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinayamba pa 27 Okutobala 1994. Chitatsala pang'ono kuyamba, a Dhlakama anati atulukamo chifukwa anaopa chinyengo. Mitima ya anthu inali m'mwamba. Atakambirana nao, anabwerera, ndipo masiku oponya voti anaonjezedwa kufika pa 29 Okutobala. A Chissano anapeza mavoti 53 pa 100, a Dhlakama pafupifupi 34. M'Nyumba ya Malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Anthu amene dzana anali kuomberana mfuti anakhala m'nyumba imodzi nkumatsutsana ndi pakamwa.

Kumidzi nako kunali ntchito. Othaŵa anabwerera, nalimanso minda yao. Amene anali asilikali analandiridwa ndi abale ao. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayambitsa ntchito yotolera mfuti. Wobweretsa mfuti anali kulandira khasu, njinga kapena makina osokera. Mtenderewo unagwedezekanso mu 2013, ndipo panafunika pangano lina, limene a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade anasaina pa 6 Ogasiti 2019. Apa tikuphunzira kuti mtendere uli ngati munda: umafuna kupalira chaka ndi chaka.

Phunziro la khoka

Tonse tikudziŵa m'mene khoka limakokedwera. Lili ndi zingwe ziŵiri. Gulu lina limagwira chingwe cha uku, lina cha uko. Poyamba magulu aŵiriŵa amaima motalikirana. Akamakoka amanka nayandikana, mpaka khoka lifike pamchenga. Gulu limodzi likataya chingwe, nsomba zonse zimathaŵa, ndipo onse amagona ndi njala, okoka ndi otaya omwe.

Dziko lili chimodzimodzi. Olamula agwira chingwe chimodzi, otsutsa agwira china. Wotsutsa si mdani. Ntchito yake ndi kuloza pamene palakwika. Wolamula naye si mwini dziko. Wangobwerekedwa mpando kwa zaka zisanu, ndipo ayenera kutumikira amene anamvotera ndi amene sanamvotere.

Kugwirizana sikutanthauza kutseka pakamwa. Amene anataya mwana pa ziwawa ali ndi ufulu wofunsa chilungamo. Amene akukayika kaŵerengedwe ka mavoti ali ndi ufulu wofuna kuti malamulo akonzedwe. Koma dandaulo lili ndi njira yake: bwalo la mfumu, msonkhano, kalata, khoti, ndi voti. Moto ndi miyala sizisankha nyumba.

Tichite chiyani kuno kwathu?

Choyamba, tipatsane moni. Mnansi amene anavala malaya a chipani china akadali mnansi. Maliro akagwa tikumbe manda limodzi, monga mwa mwambo wathu.

Chachiŵiri, tisafalitse mphekesera. Nkhani ikabwera pa foni, tifunse kaye: wanena ndani, waziona kuti?

Chachitatu, tisasankhane pa ntchito za onse. Mjigo, sukulu, chipatala, thandala loyanikapo usipa ndi mseu wa ku Lichinga zilibe chipani. Mwera ukaomba panyanja sufunsa kuti m'bwatomo muli wa chipani chiti. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinai, tiphunzire kuŵerenga ndi kulemba. Pamalo oponyera voti zotsatira zimalembedwa papepala ndi kumatidwa poyera. Wodziŵa kuŵerenga amadziŵerengera yekha manambala, ndipo nkovuta kumnamiza. Malinga ndi lamulo, chisankho china cha mtsogoleri wa dziko chidzakhala mu 2029. Tikonzeke lero.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtendere wa ku Rome unasainidwa chaka chiti, ndipo anasaina ndani?
2. Chimachitika nchiyani gulu limodzi likataya chingwe cha khoka?
3. Tchulani njira zitatu zoperekera dandaulo popanda ziwawa.
4. Ndi ntchito iti m'mudzi mwathu imene tingayambe pamodzi mwezi uno?