Kachipangizo koteteza batire la galimoto pa misonkhano ya kumudzi

Galimoto yokhala ndi zokuzira mawu padenga ndi chida chodalirika kwa ogwira ntchito zachitukuko. Ndiyo imalengeza za katemera wa ana ndi misonkhano ya alimi. Koma msonkhano ukatalika injini ili chizimire, ampulifaya imatha moto wa m'batire mpaka galimoto kukana kulira. Kumudzi kumene kulibe galimoto ina yothandiza, mapeto ake ndi kukankha kapena kugona komweko.

Batire lolizira injini linapangidwa kuti lipereke mphamvu yochuluka kwa masekondi ochepa, kenaka alternator n'kulidzazanso. Likamatheratu moto kawirikawiri, limafa msanga. N'chifukwa chake amakaniko amalangiza kuika batire lachiwiri la mtundu wa deep cycle, lomwe limapirira kutulutsa moto kwa nthawi yaitali, kuti zokuzira mawu zizidya kumeneko.

Komabe kungolumikiza mabatire awiriwa ndi waya sikuthandiza, popeza onse amathera limodzi. Pakati pawo pafunika kachipangizo kotchedwa isolator.

Mtundu wina wa isolator ndi switchi yodziyendera yokha imene imayeza mphamvu ya magetsi. Batire labwino lodzaza limakhala pa mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikalira, alternator imakweza mphamvuyo kufika cha m'ma 14. Ikangodutsa pafupifupi 13.3, switchiyo imalumikiza mabatire onse kuti azitchajidwa pamodzi. Injini ikazima ndipo mphamvu n'kutsika kufika cha pa 12.8, imawalekanitsa. Apa zokuzira mawu zikhoza kumaliza batire lachiwiri, koma loyamba limakhala losakhudzidwa.

Mtundu wina umagwiritsa ntchito ma diode, omwe amalola magetsi kuyenda njira imodzi yokha. Ulibe zitsulo zoyenda zoti n'kuperepeseka, koma umataya mavolti pafupifupi 0.7, motero mabatire sangadzaze mokwanira ngati makaniko sanakonze mbali imeneyi.

Poika kachipangizoka, waya ayenera kukhala wonenepa mokwanira, ndipo pafupi ndi batire lililonse pakhale fyuzi, chifukwa waya wosupuka akakhudza chitsulo cha galimoto angabutse moto. Isolator ikhalenso yotha kunyamula magetsi onse ochokera ku alternator.

Bungwe lomwe likukonza ulendo wa kumidzi lipemphe makaniko kuti ayeze mabatire onse awiri injini itazima, zokuzira mawu zikulira. Ngati mphamvu ikutsika pa lachiwiri lokha, ndiye kuti gulu lidzabwerera kwawo msonkhano ukatha.