Amene wagwira thumba ndiye amafunsa mafunso

Ndikamva kuti sukulu ya ku Kabudula yalandira mphunzitsi watsopano, ndimaganiza za Washington. Musaseke.

Banki Yaikulu Padziko Lonse, yomwe likulu lake lili ku Washington, isanatulutse ndalama, imayamba yatumiza akatswiri kudzawerenga ana, makalasi ndi aphunzitsi. Zimene apeza zimasanduka malangizo, malangizowo n'kukhala mfundo za mgwirizano ndi boma. M'ma 1980, kafukufuku wa George Psacharopoulos, katswiri wa bankiyo, anaonetsa kuti ndalama yoikidwa ku pulayimale imapindulitsa kwambiri kuposa ya ku yunivesite. Mayiko osauka anamvera. Kuno Bakili Muluzi atachotsa fizi mu 1994, ana oposa miliyoni anakhamukira m'masukulu, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Za sekondale tinaziganiza mochedwa.

Mu 2016 kunabwera MESIP, pulojekiti yotukula maphunziro ya ndalama za Global Partnership for Education zoyang'aniridwa ndi bankiyo, ndipo Lilongwe Rural West inali m'gulu la madera osankhidwa. Kafukufuku wa bankiyo wochitidwa ndi Salman Asim ndi anzake mu 2017 anaulula chimene makolo a ku Nsaru ankadziwa kale: aphunzitsi amaunjikana pafupi ndi msika, magetsi ndi tala, sukulu zakutali n'kumasowa anthu. Alawansi yakumudzi inkapita kwa aphunzitsi ochuluka zedi, ngakhale a m'mbali mwa msewu wa Mchinji, motero sinkakopa munthu kupita kutali.

Pamenepo manambala anathandizadi. Chimandivuta n'chakuti wofufuza amafufuza zimene mwini ndalama akufuna kudziwa. Nyumba ya mphunzitsi yodontha ku Nambuma imalowa mu lipoti pokhapokha wina ataiika pa fomu.