Zinthu 7 Zodabwitsa Zimene Zimatsamwitsa Mfuti ya Alenje

Mfuti ya bolt, ija mlenje amatukula chogwirira, kukokera m'mbuyo, kukankha n'kutsekanso, imatamandidwa kuti siivutavuta. Komabe imatsamwa. Pena chigoba cha chipolopolo chowombedwa kale chimakanirira m'kati, pena chipolopolo chatsopano chimakana kulowa. Zikatero ambiri amathamangira kuloza chala kachikhadabo kokoka chigoba, chonsecho nthawi zambiri kalibe mlandu.

1. Woyamba kukayikiridwa ndi mwini mfuti. Njati ikamabwera, mtima uli phaphapha, dzanja limakoka bolt osaifikitsa kumapeto. Chigoba chakale sichituluka, chipolopolo china sichikwera. Mfuti za mtundu wa Mauser zimaponya chigoba kunja pokhapokha bolt ikafika kumapeto, ndipo chimauluka molingana ndi mphamvu imene mwakokera. Mukakoka monyengerera, chimangogwera m'kati momwemo.

2. Chigoba chimamasuka pamene mukutukula chogwirira, musanayambe n'kukoka komwe. Onga ukaphulika, mkuwa wa chigoba umafufuma n'kumatirira m'chipinda chake. Patsinde pa chogwirira pali malo otsetsereka amene amabweza bolt pang'ono chabe, koma ndi mphamvu yaikulu, n'kuchimatula. Malowo akaperepeseka, bolt imatukuka bwinobwino koma osabwerera m'mbuyo, ndipo kusintha chikhadabo n'kutaya ndalama. Chogwirira chikayamba kulimba mwadzidzidzi mukangowomba, lekani kaye: n'kutheka kuti zipolopolo zanuzo zapitirira mphamvu imene mfutiyo ingapirire.

3. Mafuta, amene timati ndi mankhwala a chitsulo chilichonse, m'chipinda cha chipolopolo safunika. Chigoba chimayenera kugwira makoma a chipindacho pa kamphindi kowombako. Chikaterereka, mphamvu yambiri imakathera pa bolt. Mafuta akasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe amasanduka phala lomata. Dzimbiri ndiye loipitsitsa, chifukwa limaboola timaenje m'chipindamo ndipo mkuwa umalowa m'menemo. Tolani chigoba muchiyang'ane padzuwa. Timadontho tokhakhala m'mbali mwake, kapena mkombero wa pansi wong'ambika pamene chikhadabo chinagwira, zikukuuzani kuti vuto lili m'chipinda.

4. Kutentha kwa ku Africa kuno kunaumba maonekedwe a zipolopolo zina zotchuka. Onga wa cordite, umene Angerezi ankagwiritsa ntchito kale, unkakwera mphamvu ukatenthedwa, zigoba n'kumakanirira. N'chifukwa chake .416 Rigby ya mu 1911 inapatsidwa chigoba chachikulu kuti mphamvu ya m'kati isakwere kwambiri, ndipo .375 ya kampani ya Holland & Holland ya ku London, yotuluka mu 1912, inapangidwa yaitali, yowondera kutsogolo, kuti izilowa ndi kutuluka mosavuta. Onga wamakono umapirirako, koma zipolopolo zimene zatandala padzuwa m'galimoto kuchigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala zikhoza kulimbitsa bolt imene m'mawa inali yofewa.

5. Mfuti zina zimadana ndi kuikiridwa chipolopolo ndi dzanja. Mauser ya mu 1898, imene Paul Mauser anapanga ku Oberndorf m'dziko la Germany, ili ndi chikhadabo chachitali chimene chimagwira chipolopolo chikangodzuka m'magazini, osachisiya mpaka chitatayidwa. Mukaponya chipolopolo m'chipinda n'kukakamiza bolt kuti itseke, mfuti zambiri zakale za mtunduwu zimakana, ndipo mukaumirira chikhadabocho chikhoza kuthyoka. Remington 700, imene inatuluka mu 1962, njira yake ndi ina: bolt imangokankha chipolopolo, kachikhadabo n'kuchigwira potseka. Vuto lake nalo lilipo. Mukakankha pang'ono n'kubwerera, chipolopolo choyamba chimatsala m'njira, chachiwiri n'kudzachigunda. Kampani ya Winchester itachotsa chikhadabo chachitali pa Model 70 mu 1964, alenje anang'ung'udza kwa zaka zambiri, mpaka inachibwezera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kwa ine, pa nyama yoti ingakutembenukire, chikhadabo chachitalicho n'chosasinthanitsa.

6. Mfuti ya .303 Lee-Enfield, imene asilikali a King's African Rifles ankanyamula, imatha kutsamwa chifukwa cha kasanjidwe chabe. Zipolopolo zake zili ndi mkombero wotambalala pansi. Mkombero wa chapamwamba ukakhala kumbuyo kwa wa chapansi pake, ziwirizo zimakolana ndipo bolt siipita kutsogolo. Mfuti yomweyi ikakalamba imatanula zigoba. Kamzere kowala kozungulira pafupi ndi tsinde la chigoba ndi chenjezo loti tsiku lina chidzaduka pawiri, chikhadabo n'kutuluka ndi katsinde kokha, thupi lonse litatsala m'kati. Opanga anaziwoneratu: pa Lee-Enfield No. 4 mutu wa bolt umachotsedwa, ndipo ulipo wa misinkhu yosiyana, kuyambira nambala 0 mpaka 3, kuti wotalikirapo uzichepetsa mpata umene chigoba chimatanukiramo. Kusankha woyenera ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti. N'chimodzimodzinso chipolopolo chosawombedwa chikakanirira. Musachigogode ndi chitsulo kudzera kukamwa kwa mpope, chifukwa chikhoza kuphulika.

7. Galasi loyang'anira patali nalonso limatsamwitsa mfuti. Kabawuti kolimangira kakatalika pang'ono kamatulukira m'kati n'kumakhula bolt, mwinanso kuiletsa kutseka. Galasilo likamangidwa motsika kwambiri, chigoba chouluka chimagunda kachotembenuzira kake ka kumbali n'kubwerera m'mfuti momwe chachokera. Chizindikiro chake ndi timikwingwirima ta mkuwa pansi pa kachotembenuzirako, ndipo kukweza galasilo pang'ono kumathetsa nkhani yonse.