Digiri ya uphunzitsi ku Mbagala: ana adzaza makalasi, aphunzitsi ali pamzere

Ukatsika daladala (minibasi) pa Rangi Tatu ku Mbagala m'mamawa, chimene chimayamba kukugunda m'maso ndi ana a sukulu. Ali ponseponse, ena akuwoloka msewu wa Kilwa atagwirana manja, ena akukanganirana khomo la basi ndi akuluakulu opita kuntchito. Mbagala, m'boma la Temeke, ndi limodzi mwa madera odzaza kwambiri mu mzinda wa Dar es Salaam. Boma la John Magufuli litachotsa fizi mu Januwale 2016, sukulu za kuno monga ya pulayimale ya Majimatitu zinatchuka m'nyuzipepala chifukwa cha ana okhala pansi mothithikana, mphunzitsi osapeza ngakhale popondera.

Munthu woona zimenezi angaganize kuti amene ali ndi digiri ya uphunzitsi kuno ndiye wadya bwino. Koleji yake siili patalinso. Ku Chang'ombe, m'boma lomweli la Temeke, kuli DUCE, nthambi ya University of Dar es Salaam imene inatsegulidwa mu 2005 kuti izisula aphunzitsi. Makolo ambiri osauka anakankhira ana awo kumeneko, ndipo sanalakwitse masamu: masiku amenewo ukamaliza maphunziro a uphunzitsi boma linkangokuuza sukulu yokayambira ntchito, komanso ngongole ya boma yophunzirira inkapezeka mosavutirapo kwa ofuna uphunzitsi.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 2016, pamene boma linaimitsa kulemba anthu ntchito kuti lithane kaye ndi mayina a anthu ongopeka amene ankalandira malipiro. Mu Epulo 2017 linachotsanso antchito oposa 9,900 pa mlandu wa ziphaso zachinyengo. Khomo litatsegulidwanso, linangotsegulidwa pang'ono, ndipo olowa msanga anali a sayansi ndi masamu. A mbiri yakale, Chiswahili ndi jogirafe anatsala panja. Kumayambiriro kwa 2025 boma linali ndi malo 14,648 a aphunzitsi, koma ofunsira anapitirira 200,000, ndipo aliyense anayenera kudutsa kaye pa mayeso olembera ntchito. Nthawi yomweyo ndi pamene linamveka dzina la NETO, gulu la aphunzitsi osalembedwa ntchito amene anamaliza maphunziro pakati pa 2015 ndi 2023. Ena mwa atsogoleri ake anayamba agwidwa ndi apolisi, kenako nduna George Simbachawene inakhala nawo pansi kumva madandaulo awo.

Nanga wamwayi amene walowa m'boma amatenga zingati? Mphunzitsi wa digiri amayambira pa giredi yotchedwa TGTS D, imene kwa zaka zingapo kuyambira mu 2015 inali mashilingi 716,000 pamwezi, isanakwezedwe pambuyo pake. Ndalamayi imamveka bwino ukaitchula pakamwa, koma imafika m'thumba itadyedwadyedwa. Bungwe lobwereketsa ophunzira, HESLB, limadula 15 peresenti, kuchoka pa 8 peresenti imene linkadula 2017 isanafike. Pa 716,000, amenewo ndi mashilingi 107,400 mwezi ndi mwezi. Thumba la penshoni la PSSSF limatenga 5 peresenti, inshuransi ya chipatala ya NHIF 3 peresenti, bungwe la aphunzitsi la CWT 2 peresenti. Pa mashilingi 100,000 aliwonse, 25,000 apita msonkho usanakhudzepo. Zotsalazo ndiye zilipire lendi, basi, chakudya, ndi abale akumudzi amene amadziwa kuti mwana wawo ndi wa digiri.

Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anapeputsako katunduyu mu Meyi 2021 pochotsa 6 peresenti imene inkawonjezedwa pa ngongole chaka chilichonse, ndipo chindapusa cha 10 peresenti cha ochedwa kubweza chinachotsedwanso. Izi zisanachitike, aphunzitsi ankadandaula kuti akubweza koma ngongole siikutsika.

Ngakhale zili choncho, ine sindinganene kuti digiriyi ndi yopanda phindu. Amene walowa m'boma ali ndi malipiro osaphonya mwezi, khadi la chipatala la banja lake, penshoni, ndiponso mabanki amamukhulupirira akafuna ngongole yogulira puloti ku Chamazi kapena ku Mbande. Amayambiranso pamwamba pa mnzake wa dipuloma. Chimene chikuwononga ndi zaka zodikira. Amene anamaliza mu 2016 n'kulembedwa ntchito mu 2025 wataya zaka zisanu ndi zinayi za malipiro, za kukwezedwa giredi, ndi za penshoni, ndipo zimenezo palibe adzamubwezere. Ngongole yake yokha ndiyo sinaiwale: HESLB imapereka miyezi 24 yopumira, kenako imafuna zake.

Podikirapo anthu sakhala manja lende. Ena amaphunzitsa m'sukulu zomwe si zaboma zophunzitsa m'Chingerezi, kumene malipiro ndi ongogwirizana ndi mwini sukulu. Ena amadzipereka m'sukulu za boma n'kumalandira kangachepe kuchokera ku zosonkha za makolo. Ena amatsegula twisheni madzulo, ena ali pa bodaboda kapena m'kashopu ka M-Pesa. Zimandipweteka kuganiza kuti izi zikuchitika m'dziko limene tate wake, Julius Nyerere, amatchedwa Mwalimu mpaka lero, chifukwa anayamba wagwira choko ku Tabora ndi ku Pugu asanadzipereke kwathunthu pa ndale.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Tawaona aphunzitsi a IPTE akudikira zaka kuti alembedwe, ena n'kutengedwa ngati ongothandizira, ndipo omaliza ku Domasi ndi ku Nalikule nawonso amadziwa kutalika kwa mzerewu. Ku Chang'ombe, chaka chilichonse DUCE imavekabe gulu lina mikanjo, ndipo gululo limakapeza akulu awo a 2015 ena akadali chiimire.